Anabisa Amuna Anga M'chigafa

Amuna anga a Levison anagwa m'munda mwezi wa Januwale tikuthyola fodya. Anawerama kuti anyamule mtolo, mtolowo unawapulumuka, iwonso n'kuutsatira pansi. Pamene ndinkafika pakamwa panali patakhota, dovu likuchucha, dzanja lamanja lili lende. Azimayi anzanga anali atayamba kale kunong'onezana za hamala ya afiti. Ndinawafunsa kuti ndi mfiti yopusa yotani ingatayire hamala yake pa tenanti wopanda ngakhale mbuzi, ndipo anasiya manong'onong'owo n'kundithandiza kuwakweza m'ngolo.

Ife kwathu ndi ku Phalombe. Tinabwera kuno ku Kaomba pa lole kudzalima fodya wa bale pa esiteti ya bwana wina wokhala ku Lilongwe, yemwe nditakumana naye pamsewu sindingamuzindikire. Amene timawadziwa ndi akapitawo ake, a Kalekeni, bambo oyenda ndi wezulo m'khosi. Ndiwo amagawa phoso, ndiwo amagawa feteleza, ndiwonso amanena woti atsale chaka chamawa ndi woti akwere lole kubwerera kwawo.

Kuchipatala cha pa boma anatiuza kuti ndi sitiroko. Bipi inali itakwera mwakachetechete kwa nthawi yaitali osadziwa. Titatsala pang'ono kutuluka, kunabwera mtsikana wamtali wophunzitsa mafizo, dzina lake Tiyamike. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kutifotokozera za kafukufuku. Madokotala ankafuna kudziwa ngati odwala sitiroko amachira bwino akamayenderedwa pakhomo ndi wa mafizo, kusiyana ndi kungowauza kuti azibwera okha kuchipatala. Anati achita maere, ena aziyenderedwa, ena ayi. Maerewo anatikomera. Atafunsa nambala ya foni ndinapereka ya a Kalekeni, poti matenanti tonse tikafuna kulankhula ndi kumudzi timadzera pomwepo.

Tiyamike ankabwera pa kanjinga kamoto kofuka utsi, matope mpaka m'mawondo, ndipo pa esiteti panalibe ankamulabadira. Mwendo unamva msanga. Mvula isanathe amuna anga ankatha kudzikoka ndi ndodo mpaka kuchimbudzi popanda wowagwira. Mawu ndiwo anakanirira, ankangotha kunena kuti eya, ayi, ndi dzina langa, Feggie, lomwenso linkatuluka lotafunidwa. Koma nkhondo yeniyeni inali padzanja.

Ankawakhazika pakhonde, n'kuthira mtedza m'lichero kuti azitola ndi dzanja lodwalalo kuponya m'kapu. Poyamba zala zinkangokhudza mtedzawo osamva kanthu. Amuna anga ndi aukali wachete, tsiku lina anangokankha licherolo ndi phazi, mtedza mbwee pabwalo.

"Bambo Namakhwa, mtedza walakwanji?" anatero Tiyamike akutola. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni, chala chachikulu chikumane ndi chinzake."

Patapita masabata, mtedza umodzi unanyamuka m'lichero, kunjenjemera m'mwamba, n'kugwera m'kapu kuti kho. Ine ndinaimba nthungululu mpaka a m'nyumba zina anatuluka. Musandiseke kuti ndinasangalalira mtedza umodzi. Utenanti ndi manja awiri. Fodya amasokedwa ndi manja awiri, amapachikidwa pa mikangala ndi manja awiri, ndipo a Kalekeni anali atandiuza kale, ndi chisoni cha pakamwa, kuti banja lopanda mwamuna wogwira khasu esiteti siilisunga. Dzanja limenelo likanabwerera, ife tikanatsala.

Mwezi wa Epulo uli mkati, Tiyamike anandiitanira pambali akumanga chikwama chake panjinga.

"Mayi, sabata yamawa kubwera adokotala ena kudzawayeza. Ine sindibwera nawo."

"Bwanji, achemwali? Mwatopa nafe?"

"Ayi, ndi lamulo la kafukufuku. Woyeza asakhale yemwe amaphunzitsa mafizo, angakondere. Sayeneranso kudziwa n'komwe kuti ine ndimafika pano. Akapeza kuti dzanja likadali lofooka koma likuyesa, awalowetsa gawo lachiwiri. Ndizibwerabe mpaka chilimwe, ndiponso awapangira kachipangizo kovala kowongola zala kuti zisapindike. Nthawi yake ndi ino, mayi. Dzanja likasiyidwa pano limauma."

"Abwera tsiku lanji?"

"Sananene, akuyenda midzi yambiri. Bambowa azingokhala pakhomo basi."

Tsiku lomwelo ndinakawauza a Kalekeni kuti kubwera alendo a amuna anga ochokera kuchipatala. "Tamva, mayi a Favour," anatero maso ali pafoni, akundiitanira dzina la mwana wathu. Kuyambira Lolemba, m'mawa uliwonse ndinkawasambitsa amuna anga, kuwaveka shati yawo ya kutchalitchi, n'kuwakhazika pakhonde moyang'ana kumsewu.

Tsopano ndikuuzeni za galimoto yoyera, chifukwa amene sanakhalepo pa esiteti sangamvetse. Ogula fodya ndi a mabungwe amatumiza anthu awo kudzaona ngati ana akugwiritsidwa ntchito, ndiponso ngati anthu akudwala ndi mankhwala opopera kapena ndi fodya wamuwisi. Amabwera pa galimoto zoyera zazitali, zolembedwa pachitseko. Nkhanga zinapangana kusanache: fumbi likangooneka kumsewu, a Kalekeni amaimba wezulo, ana onse balala kukalowa m'chimanga, ausiwa amalowa m'nyumba, odwala amanyamulidwa kukaikidwa kosaoneka. Alendowo amapeza esiteti ya anthu athanzi okhaokha, yopanda ana, ngati matenanti sabereka. Zachitika zaka zambiri mpaka miyendo ya anthu imathamanga yokha mutu usanaganize.

Lachinayi ufa unatithera, ndipo ndinapita kuchigayo. Ndinabwerako dzuwa litapendeka. Pakhonde ndinapeza mpando uli chogona, ndodo ili pansi, patapata imodzi ili pabwalo. A Wyson, oyandikana nafe nyumba, anali pakhomo pawo akunamizira kukonza khasu.

"A Wyson, amuna anga ali kuti?"

"Mlamu, ifetu tinangomva wezulo."

"Sindinafunse za wezulo ine."

Anataya khasulo n'kuyamba kuthamanga, ine pambuyo. Tinafika pa chigafa chomaliza choumitsiramo fodya, cha kufupi ndi dambo. Kuseri kwa mulu wa fodya wouma, atafunditsidwa ziguduli, kunali amuna anga atagona chammbali, atatsamira dzanja lodwalalo. Shati ija inali itada ndi fumbi la fodya, buluku litanyowa. Mawu anali atasasa. Anali akunenabe kuti ayi, ayi, koma zinkangomveka ngati mpweya. Anthu anawabisa dzuwa lisanafike pamutu, galimoto itapita aliyense n'kubwerera ku ntchito yake, osakumbuka kuti m'chigafa asiyamo munthu.

A Wyson anandifotokozera zonse tikuwanyamula. Wezulo italira, iwo ndi mnzawo anawatola amuna anga pampando monga mwa nthawi zonse. Amuna anga ankawamenya ndi dzanja labwinolo, akulozera kumsewu, iwo n'kumaganiza kuti akumva kuwawa. Galimoto inaima pa shedi yosankhira fodya. Mayi wovala magalasi anatsitsa zenera n'kufunsa nyumba ya a Levison Namakhwa. Apa ndi pamene a Kalekeni anazindikira kuti alendowa si a fodya. Koma akanati chiyani? Akanati dikirani pang'ono tikamufukule m'ziguduli momwe tamubisa? Anakonza kolala n'kunena kuti amenewo anabwerera kwawo ku Phalombe, abale anadzawatenga. Mayiyo anathokoza, anakweza zenera, galimoto n'kutembenuka. Phazi lake silinaponde dothi la pa esiteti, chonsecho kuchokera pa shedipo nyumba yathu imaoneka, ndipo zovala zathu zinali pachingwe.

Ndinawasiya amuna anga atagona n'kupita kwa a Kalekeni. Ndinawapeza akumwa thobwa.

"A kapitawo, ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni?"

"Mayi a Favour, tsitsani mawu. Galimoto zimenezi n'zofanana zonse. Mumafuna bwana atsekeredwe msika chifukwa cha munthu mmodzi?"

"Ndiye imbani foni muwauze kuti munanama."

"Ine sindinaname, ndinateteza esiteti. Phoso mukudyalo limachokera kuti? Abweranso amenewo, musadandaule."

Sanabwerenso. Ndinadzamva pambuyo pake kuti a kafukufuku anaimba pa nambala ija kufuna kutsimikiza, ndipo a Kalekeni anabwereza bodza lomwelo, n'kuwonjezera kuti ku Phalombeko kulibe netiweki. Amati manyazi anapha lambe, koma manyazi a bambo amenewa sanawaphe iwo, anagwera padzanja la munthu wina. Mpaka lero ndimawakumbukira akupukuta thobwa kukamwa.

Tiyamike nayenso anasiya kubwera. Ndinkamva kulira kwa njinga yamoto ndili m'shedi n'kutuluka chothamanga, kukapeza ndi wogula soya. Inali nthawi yosankha fodya, ine ndikugwira ntchito ya anthu awiri, ndipo nditapempha tsiku loti ndipite ku boma, a Kalekeni anati wochoka pa esiteti fodya wake asanadindidwe ndiye kuti wamusiyira esiteti. Ndinadikira mpaka belo lathu lomaliza litatuluka mu jeke yodindira fodya. Mawa lake ndinakwera kabaza.

Ofesi ya kafukufuku inali m'kontena kuseri kwa chipatala. Ndinapezamo mnyamata wa tayi akudya mandasi pafupi ndi kompyuta. Ndinatchula dzina, anadinadina, n'kundiyang'ana mwaulemu wake ndithu.

"Namakhwa ameneyu anasamuka, mayi."

"Anasamuka? Ndawasiya pakhonde m'mawa uno akumwa phala."

Ndinamufotokozera zonse, za wezulo, za chigafa, za ziguduli. Anasiya mandasi aja n'kugwira pakamwa. Ndinaona kuti zamukhudza, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndafika. Anatuluka kukaimba foni, atabwerako anakhala pansi osandiyang'ana kumaso.

"Pepani kwambiri, mayi. Nthawi yowayezera inadutsa. Kafukufuku ali ndi malamulo ake, aliyense amayezedwa pa nthawi yofanana kuchokera tsiku lomwe anadwala. Tikawalowetsa pano tisokoneza zotsatira."

"Zotsatira zake n'zothandiza ndani, achimwene, ngati si anthu onga amuna angawa?"

"Ndikumva, mayi. Koma azibwera ku mafizo a chipatala chino, ndi aulere."

Aulere! Kuchokera ku Kaomba, munthu wosatha kudzigwira yekha pa kabaza, ndipo mkazi wake ndiye wolima, wophika, wotunga madzi. Mnyamatayo ankadziwa bwino lomwe kuti ndicho chifukwa chake madokotala anayambitsira kafukufukuyo, kuti anthu ngati ife ku mafizo a pa boma sitifikako. Nditafunsa za Tiyamike anati anamusinthira mbali ya ku Lukwa. Ndinatuluka osatsanzika, ndipo sindichita nazo manyazi.

Ndinayesa ndekha, Mulungu ndi mboni. M'mawa ndisanapite ku ntchito ndinkawaikira lichero, madzulo ndinkawasisita mkono ndi madzi ofunda monga ndinkaonera. Koma chichokereni m'chigafa muja phewa linkawapweteka, ndipo ndikati ndiwongole zala ankakuwa. Sindinkadziwa ngati ndikokebe kapena ndileke, ndinkaopa kuthyola. Zala zinayamba kupindika pang'onopang'ono, choyamba chaching'ono, kenako zinzake. Pofika m'chisanu cha Juni dzanja lonse linali chibakera, ndipo lichero ndinalibweza kukhitchini.

Fodya atagulitsidwa, a Kalekeni anabwera pakhomo ndi chisoni chawo chija kudzatiuza kuti chaka chamawa sititsala, lole ya ku Phalombe inyamuka kumapeto kwa Ogasiti. Sindinawapatse mpando. Lamulungu lotsatira kutchalitchi analengeza kuti a kafukufuku wa sitiroko abwera pa chipatala chaching'ono cha kwathu kuno kudzauza anthu zomwe apeza. Ndinapita kwa a Wyson kukabwereka ngolo, ndipo sanafunse n'komwe kuti ndi ya chiyani, anamangirira okha ng'ombe.

Msonkhanowo unali m'shedi yoyezera ana sikelo. Anthu anadzadza, ena a ndodo, ena onyamulidwa ndi abale awo. Kutsogolo kunali mipando ya pulasitiki ya olemekezeka, ndipo pa umodzi panakhala a Kalekeni atavala jekete, oimira esiteti yathu. Ife tinakhala kumbuyo pa benchi. Woyankhula anali mayi wa magalasi, ndipo a Wyson anandigunyuza n'kundinong'oneza kuti ndi yemweuja.

Ankayankhula bwino mayiyo, sindimunamizira. Anati omwe anayenderedwa pakhomo ambiri ayambanso kudya okha, kuvala okha, ena kupalira. Anaimiritsa agogo ena a m'mudzi woyandikana nafe, anakweza manja onse awiri n'kutambasula zala, anthu m'manja phwaphwaphwa. Nanenso ndinaomba, agogowo sanandilakwire.

"Vuto tinakumana nalo ndi limodzi," anapitiriza mayiyo. "Anzathu a m'maesiteti sakhazikika. Ena tinawasowa kafukufuku ali pakati, atabwerera kwawo osatiuza, ndipo zimenezi zimafooketsa zotsatira. Choncho gawo likubwerali tidzatenga okhazikika m'midzi okha."

A Kalekeni ankagwedeza mutu kuvomereza. Ankagwedeza ndithu, pang'onopang'ono, ngati mkulu wa mpingo pa ulaliki.

"Amene ali ndi funso akweze dzanja," anatero mayiyo.

Ndinali ndisanadzuke pamene ndinamva benchi ikugwedezeka. Amuna anga anali atagwira mkono wakufawo ndi dzanja lamanzere, akuukweza. Ndi munthu wolemekeza mwambo, sakanakwezera akuluakulu dzanja lamanzere. Chibakera chija chinakwera mpaka pamwamba pa mitu ya anthu, chikunjenjemera, thukuta likutsika m'khosi mwawo.

"Eya, bambo kumbuyoko."

Anatsegula pakamwa, nsagwada zikulimbana. Anthu anatembenuka. Panapita kanthawi, kenako mawu anatuluka odukaduka.

"Ndi... li... po."

Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo chigwereni m'munda muja. Ndinaimirira n'kumanga bwino chitenje.

"Adokotala, amenewa ndi a Levison Namakhwa, amene anasamukira ku Phalombe aja. Ayang'anitsitseni, poti tsiku lija simunawaone. Anali m'chigafa atafunditsidwa ziguduli, ndipo amene anawabisitsa ndi awo akhala pafupi nanuwo. Inu munatsitsa zenera lokha. Munafunsa kapitawo ngati tenanti alipo, ngati mmene amafunsira mwini khola za mbuzi zake. Nyumba yathu inali apo, mukanatsika n'kuyenda pang'ono mukanapeza ndodo yawo pakhonde. Lero mukuti matenanti sitikhazikika, ndiye mwatichotsa tonse. Amene sanakhazikike tsiku lija ndani, ife kapena galimoto yanu?"

A Kalekeni anali kuyang'ana nsapato zawo. Mayi uja anavula magalasi, anabwera mpaka kumbuyo kuja n'kuima patsogolo pathu. Anati pepani, anabwerezanso pepani, anati akakonza zomwe zinalembedwa ndipo nkhani ya matenanti akaionanso. Mwina adzachitadi, sindikudziwa. Ndinamuuza kuti akakonze, koma ine chomwe ndabweretsa pa ngolo ndi dzanja.

Apo m'pamene ndinamuona Tiyamike akudutsa pakati pa anthu. Anali panja akugawa zakumwa, anamva mawu anga. Anagwada pamaso pa amuna anga m'fumbi momwemo.

"Bambo Namakhwa! Anandiuza kuti munapita. Ndinakwiya nanu kuti simunanditsanzike."

"Ayi," anatero amuna anga, akumwetulira mbali imodzi. Anamupatsa dzanjalo okha, atalinyamula ndi linzake.

Tiyamike analiika pa ntchafu yake. Anasisita mkono kuyambira m'chigongono, anapinda, anatambasula, kenako anafika pa zala. Anayesa chamkombaphala, sichinasunthe. Anayesa chapakati. Anayesa chachikulu, chomwe chinali chitalowa mkati mwa zinzake. Amuna anga sankakuwa, ankangoluma mano, maso ali pankhope pa mtsikanayo. Iye sanawayang'ane. Anatuma munthu kukatenga beseni la madzi ofunda, sopo ndi kansalu kuchipatala. Atalowetsa chala chake m'chikhatho munatuluka fungo, ndipo tinaona kuti zikhadabo zinali zitayamba kuboola khungu.

"Mayi, senderani pafupi ndikuonetseni," anatero.

Ndinasendera poganiza kuti ndi mafizo atsopano oti ndizikawachititsa ku Phalombe.

"Muzitenga kansalu konyowa, muzilowetsa apa, pakati pa zala, tsiku lililonse. Mukatero muziumitsa bwinobwino. Zikhadabo muziwenga zisakule, kuti musalowe zilonda."

"Nanga mafizo tiyambiranso liti?"

Anafinya kansalu kaja m'beseni, anakafinyanso kachiwiri ngakhale kanalibenso madzi.

"Achemwali, ndafunsa."

"Muzitsuka, mayi," anatero motsitsa. "Chatsala ndi chimenecho."

Amuna anga anamva. Anachotsa dzanjalo pa ntchafu ya Tiyamike mwaulemu, analiika pamiyendo pawo, n'kuliphimba ndi m'munsi mwa shati.